Magalamu 200 a Shuga Ndi Makapu Angati?

Masiku ano kuphika makeke, masikono ndi madonati kwalowa m'nyumba zambiri. Atsikana akuphunzirira pa foni, amayi akutumizirana maresipi pa WhatsApp, ena akuonera pa YouTube ndi pa Facebook. Ambiri mwa iwo sakuphikira banja lokha ayi, akufuna agulitseko kuti apeze ya sopo ndi ya fizi. Chopunthwitsa chimabwera pamzere wachiwiri kapena wachitatu wa resipi, pamene alemba kuti shuga akhale magalamu 200. M'khitchini mulibe sikelo. Muli kapu, muli supuni, mwina ndi kambale kopimira ufa. Ndiye funso limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti, magalamu 200 amenewa ndi makapu angati?

Yankho lachidule ndi kapu imodzi yosalaza pamwamba, shuga wake akakhala woyera wamba uja, kapu yake ikakhala yopimira yeniyeni. Komatu pa zinthu ziwirizi, mtundu wa shuga ndi kukula kwa kapu, ndi pamene pamaonongekera makeke ambiri, ndipo mwiniwake amangoti uvuni ndi woipa kapena mazira anali akale.

Galamu imayeza kulemera. Kapu imayeza malo amene chinthu chatenga. Aliyense amene anasenzapo katundu wa kumunda amazidziwa izi ndi khosi lake: ndowa yodzaza chimanga chotong'ola ndi ndowa yomweyo yodzaza mtedza wosasenda sizilemera chimodzimodzi, ngakhale zonse zafika pakamwa. Madzi okha ndi amene amatiphweketsera masamu, chifukwa mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi, lita imodzi n'kukhala kilogalamu. Anthu ambiri amatenga lamulo la madzili n'kulipititsa pa chilichonse. Akaona kapu yolembedwa 250 amaganiza kuti chilichonse chimene adzazemo chikhala magalamu 250. Shuga sali choncho. Pakati pa timibulu take pamatsala mipata ya mpweya, choncho malo a mamililita 100 amalowa shuga wa magalamu pafupifupi 85. Kapu ya mamililita 250 imanyamula shuga wa magalamu 210 kapena kupitirira pang'ono. Fulawa ndiye wopepuka kwambiri. M'kapu yomweyo amalowa magalamu a pakati pa 120 ndi 140, malinga ndi mmene mwamuthirira. Ndiye resipi ikati fulawa 250 ndi shuga 250, inu n'kuthira kapu imodzi ya ichi ndi kapu imodzi ya icho, mwathira fulawa theka lokha la amene amafunika pomwe shuga wangoperewera pang'ono. Keke yotere imatsekemera mopweteka kukhosi, imamata m'mano, ndipo pakati pake pamatitimira.

Nkhani ya kapu ndiyo ili ndi nthambi zambiri, chifukwa maresipi amene timawerenga pa intaneti amachokera kumayiko osiyanasiyana ndipo dziko lililonse lili ndi chizolowezi chake. Ku America amapima ndi makapu, ndipo kapu yawo ndi ya mamililita 237, ambiri amangoti 240. Kapu imeneyi ndi imene imanyamula magalamu 200 a shuga woyera. Chizolowezi chopima ndi kapu ndi supuni zosalaza chinafala kumeneko ndi buku la zophika la mayi Fannie Farmer wa ku Boston, lomwe linatuluka mu 1896. Ku South Africa ndi ku Australia kapu ndi ya mamililita 250. Abale athu amene amagwira ntchito m'makhitchini a ku Johannesburg ndi Cape Town amadziwa kuti maresipi akumeneko nthawi zambiri amalemba shuga m'mamililita, monga 250 ml kapena 125 ml, kutanthauza kapu kapena theka la kapu. Amenewa si magalamu ayi, ndipo ndi pamene ena amasokonezekera akatumiziridwa resipi kuchokera kumeneko. Ku Britain amakonda sikelo. Maresipi awo atsopano amalemba magalamu, pomwe mabuku akale, ngati aja amapezeka m'malaibulale a sukulu ndi m'nyumba za aphunzitsi opuma, amalemba maaunsi ndi mapaundi. Aunsi imodzi ndi magalamu 28, paundi imodzi ndi 454. Buku lakale likati shuga 8 oz, ndiye kuti magalamu pafupifupi 225, omwe ndi kapu ya ku America imodzi ndi masupuni aakulu awiri.

Nanga kwathu kuno kapu ndi iti? M'nyumba imodzi mumapezeka kapu ya pulasitiki yomwera madzi, kapu yachitsulo ya abambo yomwera tiyi, timakapu ta dongo ta alendo timene timakhala m'kabati, ndi chikapu chachikulu chotungira mu ndowa. Zonsezi timazitchula kapu. Mwana akafunsa kuti, "Amayi, shugayu ndithire makapu angati?" amayi amayankha ali pabwalo kuti, "Thira awiri, koma usadzazitse." Malangizo amenewa amagwira ntchito bwinobwino m'nyumba imeneyo chifukwa onse awiri akudziwa kapu imene ikunenedwa ndi pamene dzanja la amayi limalekezera. Mwana yemweyo akakwatiwa n'kukapeza makapu ena, chigumu cha amayi ake chija sichitulukanso momwe ankachidziwira.

Ine maganizo anga ndi akuti wophika aliyense asankhe kapu imodzi, aiyeze kamodzi kokha, adziwe kuti imanyamula shuga wochuluka bwanji, basi nkhani yatha. Sipafunika sikelo. Paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi imene mwagula kugolosale inayezedwa kale kufakitale, ndipo ikhoza kukuyezerani kapu yanu.

Tsiku limene mwagula paketi yatsopano, musanatapeko ngakhale wa tiyi, tengani beseni louma ndi kapu imene mwasankha. Ikani kapuyo pa mbale yaphwanthiphwanthi kuti wotayika asapite pansi. Thirani shuga mpaka atumphuke pang'ono, kenako dutsitsani msana wa mpeni pakamwa pa kapu kuti wapamwamba agwere m'mbale. Osagwedeza kapu, osamenyetsa patebulo, osatsendera ndi chala. Khuthulirani m'beseni, muwerenge kuti imodzi. Wogwera m'mbale uja mubwezereni m'paketi, n'kuyambanso. Paketi ikatha pa makapu asanu ndendende, kapu yanu ndi ya magalamu 200, ndipo muli ndi mwayi chifukwa maresipi a ku America mudzangowatsata momwe alili. Ikatha pa makapu anayi, kapu yanu ndi ya magalamu 250. Ikapereka anayi odzaza, yachisanu n'kutsala pang'ono kudzaza, ndiye kuti muli ndi kapu ya mamililita 250 ija. Ikafika pa asanu ndi imodzi, kapuyo ndi ya magalamu pafupifupi 165. Ikathera pa atatu, ndi chikapu cha magalamu 330, ndipo ndi bwino kufuna ina yocheperapo chifukwa kugawa theka ndi kota m'kapu yaikulu chonchi n'kovuta. Nambala imene mwapezayo ilembeni pansi pa kapu ndi penti kapena muikande ndi msomali, ndipo ana auzidwe kuti imeneyo si yomwera.

Amene sakufuna kudikira paketi yatsopano akhoza kuyeza ndi madzi. Botolo la madzi ogula la mamililita 500 losatsegula likadzaza kapu yanu kawiri osatsalako, kapuyo ndi ya 250. Botolo loyamwitsira mwana nalonso lili ndi mizere ya mamililita m'mbali mwake. Mukadziwa mamililita a kapu yanu, chulukitsani ndi 85 n'kugawa ndi 100, mupeza magalamu a shuga woyera.

Pa kapu ya magalamu 200 masamu ake ndi osavuta kuwasunga pamtima. Magalamu 100 ndi theka la kapu. Magalamu 50 ndi kota. Magalamu 150 ndi makota atatu, 250 ndi kapu imodzi ndi kota, 300 ndi kapu ndi theka, ndipo 500 ndi makapu awiri ndi theka. Chenjezo n'lakuti makapu athu ambiri ndi opapatiza kumunsi n'kutambasuka kumwamba, ndiye theka la msinkhu wa kapu si theka la shuga. Theka lenileni limakhala pamwambako pang'ono. Njira yolipezera ndi kugawa kapu yodzaza m'timbale tiwiri tofanana mpaka milu ifanane, n'kubwezera mulu umodzi m'kapu, n'kulemba mzere pamene walekezera.

Tizigawo ting'onoting'ono timayenda bwino ndi supuni. Supuni ya tiyi yoyenera ndi ya mamililita 5, ndipo ikasalazidwa imanyamula shuga wa magalamu 4. Supuni yaikulu ya m'maresipi ndi ya mamililita 15, yofanana ndi masupuni a tiyi atatu, ndipo imanyamula magalamu 12 ndi theka. Choncho masupuni aakulu awiri ndi magalamu 25, anayi ndi 50, asanu ndi atatu ndi 100. Apa pali msampha umene ambiri sauona. Supuni imene timadyera phala ndi mpunga, yomwe timaitcha yaikulu, nthawi zambiri ndi ya mamililita 10 okha, ndipo shuga wake ndi magalamu 8. Resipi ikati masupuni aakulu anayi, inu n'kupima ndi yodyera phala, mwachepetsa shuga ndi gawo limodzi mwa atatu. Ku Australia ndiye supuni yaikulu ndi ya mamililita 20. Kuti mutsimikize, kasupuni kapena kakapu ka pulasitiki kamene kamabwera ndi mankhwala amadzi a ana kali ndi mzere wa 5 ml. Katsukeni bwino, kakuthandizani kudziwa kuti mwa masupuni anu ndi iti imene ili yoona. Ndipo supuni yotumphuka musaiwerenge ngati imodzi, chifukwa mulu wapamwamba uja umatha kuyandikira supuni ina yathunthu.

Manambala onsewa ndi a shuga woyera wamba. Shuga wathu wabulauni wa m'mapaketi, wochokera ku Nchalo, ku Dwangwa kapena ku Salima, ndi wouma ndipo amayoyoka momasuka, choncho mukhoza kumupima chimodzimodzi ndi woyera popanda kutaya kwenikweni. Koma resipi ya ku America kapena ku Britain ikanena shuga wabulauni, kawirikawiri imatanthauza wina wofewa, wonyowa, wosakanizidwa ndi molasesi, amene ukamufinya m'manja amagwirana. Ameneyu amamupima momutsendera m'kapu mpaka akakhuthulidwa aime ndi maonekedwe a kapuyo, ndipo kapu imodzi imafika magalamu pafupifupi 220. Wathuyu sangatsendereke choncho ngakhale mutakanikiza bwanji. Ngati resipi yotere mukuiphika ndi shuga wathu, onjezerani supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri pa kapu, ndipo dziwani kuti chophikacho chituluka choumirako pang'ono kuposa cha pachithunzi.

Shuga wa ayisingi, waufa uja wokongoletsera makeke aukwati, ndiye amanamiza maso kuposa onse. Kapu imene imanyamula magalamu 200 a shuga wamba imanyamula ayisingi wa magalamu pafupifupi 120, ndipo akasefedwa amapepukanso kuposa apo. Resipi ikafuna magalamu 250 a ayisingi, mukufunika makapu awiri. Shuga wa caster ndi woyera yemweyo koma wa timibulu tosalala, amene amasungunuka msanga pomutakasa ndi majarini. Akasowa m'sitolo mukhoza kusinja shuga wamba pang'ono mu kamtondo koyera kouma kapena m'makina ogayira zipatso. Muyambe mwapima, kusinja pambuyo, chifukwa shuga akasinjidwa amakhala mosiyana m'kapu. M'nyengo ya dzinja shuga amayamwa chinyontho n'kuundana, ndiye muyambe mwaphwanya zibumazo, apo ayi m'kapu mutsala mapanga.

Wina anganene kuti zonsezi n'kuchulutsa gaga m'diwa, pakuti makolo athu ankaphika popanda manambala. Pa zakudya zambiri ndikuvomereza ndi mtima wonse. Tiyi, phala, thobwa, futali, zonsezi woweruza wake ndi lilime. Ukalawa n'kumva kuti shuga wachepa umawonjezera, ndipo palibe chimene chaonongeka. Ngakhale zitumbuwa zimadalira kwambiri kupsa kwa nthochi, ndipo mayi wozolowera amadziwa ndi maso kuti lero shuga safunika wambiri. Keke ndi ina. Ikalowa mu uvuni, kapena mumphika wa makala pansi ndi pamwamba, mwayi wokonza watha. Komanso mu keke shuga ali ndi ntchito zambiri kuposa kutsekemeretsa. Pomutakasa ndi majarini, timibulu take timatsekera mpweya m'kati, ndipo mpweya umenewo ndi umene umathandiza keke kufufuma. Shuga amasunga chinyontho kuti keke isaume tsiku lomwelo, amaifewetsa, ndipo ndi amene amapereka mtundu wofiirira pamwamba. Akachepa, keke imatuluka yotuwa ndi yolimba. Akachuluka, imakwera msanga n'kugwa pakati, kunja kutada kale. Pa mandasi, shuga wambiri amachititsa kuti kunja kupserere mafuta asanapsetse m'kati, ndipo amachedwetsa yisiti, mtanda n'kumangokhala osafufuma mpaka dzuwa kukwera, makasitomala a m'mawa atapita.

Jamu ndiye safuna kuyerekeza n'komwe. Mango akachuluka mu Disembala, kapena magwafa nthawi yake ikafika, mabanja ndi magulu a amayi amaphika jamu woti asunge kapena agulitse. Chimene chimamuteteza kuti asachite chuku ndi kuchuluka kwa shuga, ndipo lamulo lakale ndi lakuti shuga alemere mofanana ndi zipatso zosenda kale. Apa kapu sithandiza kwenikweni, chifukwa zidutswa za mango sizikhala mofanana m'kapu. Njira yabwino ndi kupanga sikelo ya pakhomo. Kolekani hang'ala ya zovala pa msomali kuti izilendewera momasuka, mumange majumbo awiri ofanana kumapeto kwake uku ndi uku, motalikirana mofanana ndi pakati. M'jumbo imodzi ikani zipatso, mu inayo muzithira shuga pang'onopang'ono mpaka hang'ala iime mowongoka. Simunadziwe magalamu ake, koma mwapeza chimene jamu amafuna. Njira yomweyi imagwira pa keke yakale ya ku Britain yotchedwa Victoria, imene shuga, majarini ndi fulawa, chilichonse chimalemera mofanana ndi mazira. Mazira anayi mbali iyi, shuga mbali inayo, kenako majarini, kenako fulawa. Mazira a nkhuku zachikuda akakhala aang'ono, zonse zimachepa mogwirizana zokha.

Kwa amene amaphika zogulitsa, nkhaniyi ndi ya ndalama. Tonse tikukumbuka mmene shuga anasowera m'masitolo chakumayambiriro kwa 2024, anthu n'kumaima pamizere, mtengo n'kukwera. Tiyerekeze mayi amene amathira makapu anayi a shuga mu mtanda wa mandasi tsiku lililonse, ndipo kapu iliyonse imatumphuka ndi masupuni aakulu awiri. Amenewo ndi magalamu 100 patsiku. Pakatha masiku khumi paketi yathunthu yapita, mandasi ake osakoma kuposa kale, mwinanso akuda msanga. Phindu la geni yaing'ono limathawira m'tinthu totere, ndipo mwiniwake madzulo amangodabwa kuti ndalama sizikukwana. Kasitomala nayenso amabwerera kumene mandasi a lero akukoma ngati a dzulo.

Pali malo enanso amene supuni yosalaza imakhudza moyo weniweni. Munthu akatsegula m'mimba ndipo paketi ya Thanzi ORS palibe, azaumoyo amalangiza kusakaniza masupuni a tiyi 6 osalaza a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, kuti wodwala azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unatikumbutsa kufunika kwa madzi amenewa. Shuga akachuluka m'madzimo amakoka madzi ena kulowa m'matumbo, kutsegula kuja n'kuwonjezeka, ndipo mchere ukachuluka ndi woopsa makamaka kwa mwana. Mayi amene anayeza kale supuni yake ndi botolo lake la lita sadzayamba kuganizira zimenezi pakati pa usiku mwana ali lefu.

Kudziwa kuti supuni ya tiyi ndi magalamu 4 kumathandizanso kuwerenga zolembedwa pa zakudya zogula. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wowonjezera asafike gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku. Kwa munthu wamkulu amenewo ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni a tiyi 12, omwe ndi kota chabe ya kapu ya magalamu 200 ija. Chakumwa cha m'botolo la mamililita 300 chikalembedwa kuti muli shuga wa magalamu 10 pa mamililita 100 alionse, botolo lonselo muli magalamu 30, omwe ndi masupuni asanu ndi awiri ndi theka. Amene amathira masupuni anayi otumphuka mu tiyi m'mawa ndi madzulo akhoza kudziwerengera okha, makamaka panopa pamene matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi zafika m'mabanja ambiri.

Ndili ndi pempho kwa amene amaphunzitsa zophika, kaya ndi pa wailesi, m'magulu a amayi kumpingo, m'sukulu za ntchito zamanja kapena m'mavidiyo a pa foni. Mukamapereka resipi, tchulani zonse ziwiri, magalamu ndi makapu, ndipo nenani kuti kapu yanu ndi ya mamililita angati. Wophunzira wanu wataya ndalama pa mazira, fulawa, majarini ndi makala, ndipo keke ikakanika amadziona ngati iye ndiye wopanda luso, pomwe chimene chinasowa ndi chiganizo chimodzi chochokera kwa inu.

Amene geni yake yayamba kukula, maoda a makeke a maukwati ndi masiku obadwa akubwera, asachedwe kugula sikelo yaing'ono ya mabatire. Imathetsa nkhani ya mitundu ya shuga ndi makapu a mayiko, ndipo pa fulawa, amene kapu imamunamiza kwambiri kuposa shuga, ndiye imathandiza koposa. Pogula onetsetsani kuti imawerenga galamu imodziimodzi, imafika makilogalamu asanu, ndipo ili ndi batani lobwezera pa ziro mbale ili pomwepo, kuti muzithira zinthu motsatizana m'beseni limodzi. Musanalipire, pemphani wogulitsa aikepo paketi ya shuga yosatsegula. Iyenera kuonetsa magalamu 1,000 ndi ena ochepa a pepala lake.